Amene Anasambitsa Agogo Amphini

Ukwati wanga unaima tsiku lomwe unkayenera kuyamba kuyenda, ndipo anauimitsa ndi munthu amene anamwalira kalekale, mayi anga akadali kumsana.

Nthawi imeneyo ndinkayendetsa njinga yamoto pasiteji ya pa Chonde. Sukulu ndinaisiyira ku pulayimale, ndipo pasitejipo ankandidziwa kuti sindichedwa kupsa mtima. Mtsikana amene ndinkamufuna ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Chinakanaka. Ndinamudziwira pa jekete yanga yong'ambika. Ndinamuuza kuti yakodwa pamsomali. Iye anaiyang'ana, anaitembenuza, nati msomali wa zala zisanu sanauonepo. Anaisoka bwino, ndipo kuyambira pamenepo chong'ambika sichinkandisowa.

Titagwirizana ndinauza mayi, mayi anauza alongo awo aakulu, malume anga, amene ndiwo eni mbumba kwathu. Malume anagwira ntchito zaka zambiri mufakitale ya tiyi, anatulukamo ndi chifuwa chosatha komanso khalidwe lofunsa chinthu chilichonse kawiri. Bambo atamwalira anandilera ndi iwowo. Anavala jekete yawo yopitira kutchalitchi, natenga mnzawo, ulendo kukafunsira mbeta.

Akuti zonse zinayenda bwino mpaka pamene thobwa linabwera, akuluakulu n'kuyamba kucheza za kumene anachokera. Mayi ake a mtsikanayo anati iwo pa Chinakanaka ndi obwera. Agogo awo aakazi anawoloka Muloza nthawi ya azungu, nakhala m'malayini a esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri, cha ku Limbuli. Malume anafunsa kuti esiteti yake iti. Atauzidwa, anafunsa ngati agogowo anali aafupi, a mawu aakulu, a mphini zitatuzitatu m'masaya. Anati eya, timamva choncho. Malume anaika chikho pansi, thobwa lisanathe.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, nandiitana. Anati agogo amenewo akuwadziwa. Ali mwana ankawatcha agogo aang'ono, chifukwa anali ang'ono awo a agogo awo enieni, amene kwathu timangowatchula kuti agogo amphini. Awiriwo ankakhala khomo ndi khomo, ankavala nsalu zofanana, mphini zawo zinali zimodzimodzi, ndipo ankaitanana kuti achemwali. Ndiye kuti ine ndi mtsikana uja tinatuluka m'bere limodzi. Kwathu kuno magazi amayenda kuchikazi. Wa kwa mkulu ndi wa kwa mng'ono ndi munthu ndi mlongo wake, kaya padutsa mibadwo ingati.

Zimene ndinayankha sindingazilembe zonse. Ndinafunsa kuti n'chibale chanji chodziwikira pa mbeta, nanga maliro onse amene tinalira aja abale amenewa anali kuti. Beseni la mayi limene linali pafupi ndi phazi langa linakafika kukhola la mbuzi. Malume sanakweze mawu. Anakhosomola, nadikira kuti ndithe.

"Ukwatire mlongo wako ine ndikupenya? Udikire ndife kaye, mphwanga. Sindichedwa."

M'mawa mwake ndinapita pa Chinakanaka. Mtsikanayo anandilonjera kuti mwadzuka bwanji achimwene, akuseka, koma maso ali otupa. Ndinamuuza kuti tithawire ku Blantyre, kumene kulibe amene amafunsa za agogo a munthu. Anapitiriza kupalasa makina. Kenaka anaimitsa, nandiuza bwinobwino kuti ngati nkhaniyo ndi yoona, iye sadzabereka ana oti anthu aziwanong'ona pachitsime. Tisiyana basi, ndipo adzandisokera ngakhale malaya a ukwati wanga ndi mkazi wina. Koma ngati si yoona, payenera kukhala munthu penapake amene akudziwa.

"Mukamufunefune. Koma kukafunsa, mwamva? Osati kukamenya."

Ndinayambira kwa mayi anga. Ndinawapeza akusenda chinangwa choti aanike makaka. Zimene ankadziwa zinali zochepa moti zinatha chinangwa chimodzi chisanathe kusendeka. Agogo amphini anabwera okha kuchokera tsidya lija. Ankathyola tiyi wa thangata, ntchito ija yolipirira malo amene mzungu wakulola kumangapo. Anali aatali, osalankhulalankhula. Anabereka ana angapo koma anakula ndi mmodzi yekha, amene anadzabereka malume ndi mayi. Kutchalitchi sanapondeko. Ndinafunsa dzina lawo. Mayi anaima ndi mpeni m'manja, naganiza, nati sanalimvepo.

Chimenechi chinandikhala pamtima kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinayang'ana pamudzi pathu, nyumba za amayi aakulu ndi aang'ono, ana ali piringupiringu pansi pa mapeyala. Tonsefe tinatuluka mwa munthu mmodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kumutchula dzina. Ine ndinkangofuna mkazi, za agogo sindinali nazo ntchito. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikamadutsa m'misewu ya m'tiyi n'kuona amayi atawerama, madengu ali kumsana, maso anga ankasaka wamtali.

Ndinapita kuesiteti kuja. Malayini anagwetsedwa kale, pamalopo pali tiyi wobiriwira ngati sipanagonepo munthu. Chotsala ndi kankhalango pakati pa munda, mitengo ikuluikulu imene palibe amaidula. Mlonda anandiuza kuti amenewo ndi manda a anthu akale a m'malayini. Ndinaima m'mphepete, pajatu kumanda sumangolowa. Munalibe mtanda kapena mwala wolembedwa, masamba okhaokha ndi mapale a miphika. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndikuvulira mbali iti.

Kenaka ndinayamba kusaka nkhalamba. Pa Limbuli, m'matiyirumu, pamabenchi a kunja kwa mzikiti, kwa osoka nsapato. Ena ankandiyesa wolemba mayina a thandizo, ndipo ankakumbukira zinthu zambiri mpaka atadziwa kuti sindine. Bambo wina wogulitsa fodya wa chingambwe anakulira m'malayini omwewo, ndipo nditatchula agogo amphini iye anawakumbukiradi. Anati anali amayi awiri osasiyana, wamtali wachete ndi wamfupi waphokoso, moti anyamata ankawatcha munsi ndi mtondo. Nthochi imodzi ankanyemerana pakati. Ndinafunsa ngati anali pachibale. Anati nanga anthu okondana choncho angakhale chiyani, ngakhale kapitawo ankawadziwa ngati munthu ndi mng'ono wake. Ndinanyamuka osatsanzika, ndinaliza njinga mpaka nkhuku zinabalalika. Ndili panjira ndinakumbukira mawu a pakhonde la sitolo paja, ndinabwerera kukathokoza. Ndinapeza bamboyo akusekabe.

Masabata anapita. Pa Chinakanaka ndinkadutsa osaima, chifukwa mayi ake a mtsikanayo anapempha kuti tiyambe taleka kuonana mpaka nkhani iwale. Ndinkangochepetsa liwiro pasitolo paja, iye n'kukweza mutu, basi. Ndinayamba kukangana ndi makasitomala pa zinthu zopanda pake. Kunena zoona, ndinali nditayamba kuwakhulupirira malume.

Tsiku lina mayi ake aja anandiitanitsa. Nawonso nkhaniyi inkawavuta poona mwana wawo akuwonda. Anati pali munthu mmodzi amene angadziwe: mayi awo aang'ono, chitsirizira cha agogo aafupi aja. Nkhondo ya ku Mozambique itatha anatsatira amuna awo kubwerera tsidya lija, kupitirira Milanje, ndipo papita zaka osamva za iwo. Mwina ali moyo, mwina ayi. Foni alibe. Anati ngati petulo ndili naye, mawa tinyamuke.

Ndinagwidwa manyazi. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Chiyambire kufuna mwana wawo, mayi amenewa ndinali ndisanalankhule nawo maso ndi maso. Tsono akwere njinga yanga, andigwire m'chiuno? Iwo anaona nkhope yanga naseka.

"Malume ako akuti ndine mayi ako aang'ono. Ndiye mwana sanyamula mayi ake? Bwera nayo njingayo."

Tinawoloka pa Muloza m'mawa, pamodzi ndi anthu a matumba a chimanga panjinga zakapalasa. Titadutsa Milanje msewu wabwino unatha. Tinalowa m'tinjira ta m'minda ya chinangwa ndi nandolo, phiri lathu lomwe lija tikulionera kumbuyo kwake, ngati munthu amene wakufulatira. Njira yonse mayiwo ankandilamula ngati mwana wawo: chepetsa, samala dzenje, ima ndifunse. Ankafunsa m'Chilomwe, chimene ine ndimangomva mwa apo ndi apo. Dzuwa litafika pamutu, mayi wina wochokera kumadzi anatilozera nyumba ya udzu pansi pa mtengo wa mango.

Anali moyo. Tinawapeza pakhonde akusenda nandolo wamuwisi m'lichero, kamunthu kochepa, maso atachita ng'ala. Atamva mawu a mwana wa mkulu wawo anagwetsa licherolo. Analirirana, anauzana za amene anamwalira, anaseka, analiranso. Oyandikana nawo anabwera nakhala pansi. Ine ndinakhala pachitsa pafupi ndi njinga, njala ikundipweteka, ndikudziuza kuti ndisatsegule pakamwa.

Pomaliza anafika pa ine. Mayi aja anafotokoza nthawi yaitali m'Chilomwe, ine ndinangotolapo za malayini, za amayi aatali, ndi za ukwati. Agogowo anati ndisendere. Anandigwira kumaso, m'mapewa, m'mikono, ngati akusankha mbuzi pamsika. Kenaka, ndi changu chimene sindinkachiyembekezera, anatsomphola chipewa changa nachivala.

"Afika eni ake a mtembo wolemera uja," anauza anthu aja m'Chichewa, kuti ndimve bwino. "Agogo ako, iwe, anatithyola misana. Kutalika ngati mlongoti, dzenje kukumba mpaka dzuwa kupendeka, miyendo osakwanabe. Nanga kuuma manja. Anatisiyira chiyani? Nkhuku imodzi, nayonso ya chitopa."

Anaimirira ndi ndodo, nayamba kuyenda pabwalo atakweza khosi, akuponya miyendo kuyerekeza munthu wamtali. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinamva kutentha kukukwera kuchokera m'mimba kufika m'makutu. Mayi amene ndinawavulira chipewa m'tiyi muja, amene ndinakhala ndikuwasaka masabata onsewa, ndi amene ankasekedwa pamaso panga. Ndinadzuka. Ndinanena mokweza kuti sindinawotche petulo kuchokera ku Chonde kudzamva akufa anga akutukwanidwa, andipatse chipewa changa ndizipita.

Ndinatembenuka kuti ndiuze mayi ake a mtsikanayo kuti tiyeni. Sanali pomwe anakhala paja. Anali atasunthira kuseri kwa nkhokwe, atandifulatira, chitenje atakokera kumaso. Mayi omwewo amene anandigwira m'chiuno kuchokera pa Chinakanaka.

"Ali kuti mwana wa mkulu wanga? Wabisala eti?" anatero agogowo. "Ameneyo wamva. Khala pansi, wamtima wapachala iwe. Unaonapo wachibale akutukwana maliro a wachibale wake? Ife ndife adzukulu anu a kumanda. Agogo akowo anawasambitsa ndi mayi anga, madzi ndinkatunga ndine, dzenje anakumba ndi alongo anga. Munthu sasambitsa mkulu wake, ndipo sakumbira wa bere lake."

Ndinakhala pansi. Mwambo umenewu ndinkaudziwa mwapatalipatali. Masiku ano kwathu manda amakumba ndi gulu la anyamata a m'mudzi. Koma kale banja linkakhala ndi banja lina, losakhala la magazi ake, limene linkagwira maliro ake: kusambitsa, kukumba, kunyamula. Amenewo ndiwo anali ndi ufulu wonyoza wakufayo, wolanda kanthu, ndi woseketsa ofedwa kuti chisoni chisawaphe. Nawonso akafedwa, enawo ankabwezera.

Nkhani yake anaifotokoza akusenda nandolo, chipewa changa chili kumutu. Mayi awo ndiwo anayamba kufika kuesiteti, pamodzi ndi abale awo, akadali mtsikana. M'mawa wina atapita kumtsinje anapeza mtsikana mnzawo wamtali atakhala pamwala, mwana kumsana, mapazi atang'ambikang'ambika. Anamulonjera, osayankha. Atayang'anitsitsa anaona kuti mwanayo sakupuma, ndipo papita masiku chisiyire kupuma. Mtsikanayo anathawa kwawo asipayi, apolisi a Apwitikizi, atagwira mwamuna wake, kumumenya ndi mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'manja, n'kumutengera ku ntchito yokakamiza kumene sanabwerereko. Anayenda m'tchire masiku ambiri. Mwana anamwalirira panjira, iye n'kumangomuberekabe, chifukwa mayi saika yekha mwana wake, ndipo m'dziko lonselo analibe woti amuikire.

Mayi aafupi aja sanafunse zambiri. Anamasula mbereko, anasambitsa mwanayo pomwepo, anakaitana mlongo wawo ndi khasu, namuika pansi pa mtengo m'mbali mwa mtsinje. Atamaliza, mtsikana uja anali chikhalire pamwala, osalira, osaphethira. Ndiye mayiwo anachita zimene woika maliro amayenera kuchita. Anayamba kumunyoza. Miyendo ngati ya kakowa, mwamuna amene anakukwatira ankakwera pachulu kuti akuuze mawu, ndi zina zotero. Anapitiriza mpaka mtsikanayo anatapa mchenga nawawaza kumaso, kenaka anaseka kamodzi, kenaka analira. Analira mpaka madzulo, mutu uli pamiyendo ya munthu amene sankamudziwa.

Paesiteti imeneyo mkazi wopanda mwamuna kapena mbale sankaloledwa kumanga. Choncho mayi aafupi aja anapita naye kwa kapitawo nanena kuti uyu ndi mkulu wanga, wanditsatira. Mphini zinathandiza, chifukwa atsikana onse a kumapiri a kwawoko ankatemedwa zofanana. Bodza limenelo anayenera kulisunga pamaso pa kapitawo ndi mzungu zaka zonse, mpaka ana obadwira m'malayini anakula nalo ngati zoona. Pambuyo pake awiriwo anamanga chinjira, ubwenzi uja wa amayi wopatsana mphatso ndi kugulirana nsalu zofanana. Koma akuluakulu ankadziwa, chifukwa pa ana onse amene agogo amphini anataya, ogwira khasu anali a banja lomwelo.

Ndinafunsa kuti agogo amphiniwo anali munthu wotani. Anati wachete, koma uchete wake wa moto wa mankhusu. Tsiku lina kapitawo anakankha mnjira wawo pasikelo, iwo anamuvundikira dengu la tiyi kumutu nakhalapo. Anthu anaseka, ena n'kumandiyang'ana ine. Anati ankakonda kalongonda, ankaphika tsiku lonse n'kugawira ana a m'malayini. Ankaopa ng'ombe. Ankaimba pokhapokha akamasinja. Tsiku la maliro awo mnjira wawo anavala nsalu ya malemuwo, anayenda ngati iwo, anaseketsa anthu mpaka kumanda, ndipo pobwerako anakhala masiku osadya. Sipanapite nthawi malayini anagwetsedwa, mabanja anabalalika, wina uku wina uko.

Dzina nalo ndinafunsa. Anati munthu wamkulu sankatchulidwa dzina. Moyo wawo wonse ankaitanidwa kuti make wa mwana uja wa kumtsinje, ngakhale atabereka ena. Anandiuza dzina la mwanayo. Limenelo ndi lokhalo ndinabwera nalo, ndipo ndinakawauza mayi anga, amene analibwereza chapansipansi kangapo ngati akulilawa.

Pobwerera apongozi anakana kukwera njinga yanga. Anatumiza mawu kudzera mwa mayi wina kuti ndiwapezere wakabaza wina, ndipo ine ndizitsogola patali. Sindinasangalalepo ndi kukanidwa ngati tsiku limenelo.

Malume sanavomere. Anati nkhalamba ikhoza kunena chilichonse ikaona shuga ndi sopo, ndipo iwo anaona ndi maso awo amayi awiriwo akudyera mbale imodzi. Ndinamva kutentha kuja kukubwera. Mayi anandiponda chala. Ndinatuluka, ndinakazungulira munda wa nanazi, ndinabwerako n'kukhala pansi, padothi penipeni, n'kuwapempha kuti akamve okha, ndiwanyamula ndine. Ndikuganiza kuti kukhala padothi kumeneko kunawadabwitsa kuposa nkhani ya tsidya lija. Anati tipita Loweruka.

Tinawapeza agogo aja pakhonde pomwe paja, chipewa changa chikadali kumutu. Malume analonjera mwaulemu, nadzifotokoza kuti ndi mwana wa uje, wobadwa kwa amayi aatali aja. Agogowo anapendeketsa mutu.

"Kodi ndiwe kamnyamata kamamina kaja kanandiluma pa nkhuku?"

Malume anayamba kufotokoza chinthu chimene ine sindinawamvepo akunena. Tsiku la maliro a agogo awo, iwo ali kamwana, anaona mtsikana wa khomo linalo akugwira nkhuku ya malemuwo, anthu akuseka, agogo aang'ono atavala nsalu ya wakufayo akuvina. Anathamanga nakaluma mtsikanayo pamkono. Anakula akudziwa kuti abale aja anachita chipongwe pamaliro, ndipo n'chifukwa chake sanavutikepo kuwafunafuna. Panalibe amene anakhala nawo pansi kuwauza kuti chipongwecho chinali ntchito.

"Mano ako anali ngati a khoswe," anatero agogowo. "Nkhukuyo inali yowonda. Wabweretsa ina?"

Malume anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anakhosomola, napukuta m'maso, ndipo kupukutako kunatenga nthawi kuposa kukhosomola. Anacheza mpaka dzuwa kupendeka. Malume ankafunsa chilichonse kawiri, agogowo ankayankha koyamba, kachiwiri n'kuwatukwana. Pomaliza malume anafunsa mosapita m'mbali ngati ana awiriwa angakwatirane. Agogowo anati amenewa ndiwo okwatirana enieni, mayi awo akanamva akanavina. Koma anali ndi pempho. Kumene akukhalako ndi kwa amuna awo, amunawo anapita kale, ndipo iwo akadzamwalira adzaikidwa ndi anthu aulemu, olira mwakachetechete, opanda ndi mmodzi yemwe wowanyoza.

"Ife tinakuikirani anthu ambiri. Inu munabalalika musanatiikireko ndi mmodzi yemwe. Ndiye ine ndisapite ngati mlendo."

Malume anati amva.

Chinkhoswe chinachitika mvula itatha. Ndinamanga nyumba kwawo kwa mkazi wanga, monga amachitira mkamwini aliyense, ndipo apongozi anga mpaka lero akandiona ndikubwera amazungulira kuseri kwa nyumba. Agogo aja sanathe kubwera, ulendo unali wautali kwa iwo. Tinawatumizira nsalu ndi nkhuku yonenepa.

Uthenga unafika chaka chotsatira, nyengo yozizira, chiperoni chitakuta phiri. Tinapita mabanja onse awiri. Titafika, mkazi wanga ndi mayi ake analowa m'siwa kukakhala ndi ofedwa. Ine ndinaima pabwalo osadziwa mbali yanga, popeza tsopano ndinali mkamwini wa pamenepo. Malume anandipatsa khasu. Anati ukwati ndi wa dzulo, magazi ndi a mayi ako, tiye.

Anasambitsa ndi mayi anga. Mayi anga ndi munthu wamanyazi, woti sindinawamvepo akunyoza ngakhale galu. Anatuluka m'nyumbamo atamanga mpango wa malemuwo, atagwira ndodo yawo, atawerama, nayamba kuyenda pabwalo akugwiragwira anthu kumaso. Anati kamunthu kochepa chonchi phokoso lonse lija kankalisunga pati, kupepuka ngati lichero, adzukulufe tavutikira ulendo wautali pachabe. Anthu a kumeneko anayamba ayang'anana kaye. Kenaka nkhalamba zinayamba kuseka, ena onse n'kutsatira. Ndinamva kuseka kwa mkazi wanga kuchokera m'nyumba, kosakanikirana ndi kulira.

Nthaka ya kumeneko ndi youma, yamiyala. Ndinakumba ndi achimwene anga pamodzi ndi anyamata a m'mudzimo, m'manja munatuluka matuza. Malume sakanatha kugwira khasu, anangokhala pamphepete atafunda bulangete, bango loyezera lili m'manja. Dzenje litafika m'chiuno ndinafunsa ngati pakwana, popeza munthu wake anali wamfupi. Anasuzumira, nati tipitirize ndithu, tikasiyira pafupi atuluka adzatitukwane.

Tinakumbabe.